Ngumbi pa Sewero la Khirisimasi

Nditabwerako ku Joni ndinalumbira kuti kumgodi sindidzapondakonso. Koma munda wa kwa apongozi ku Kandeu unali waung'ono, ndipo anzanga anali atayamba kundinyengerera kuti tikalembetsenso. Mkazi wanga Nangozo ndiye anamva kutchalitchi kuti a Nyoni, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya mishoni, akufuna munthu wokonza nsanja ya sewero la Khirisimasi.

"Likayenda bwino, ukalipentala wa pasukulu pano ndi wanu, a Soko," anatero a Nyoni. "Likavuta, musadzandidandaule."

Nsanjayo ndinaimanga m'kalasi yaikulu. Ndinamanga mabenchi pamodzi ndi luzi, pamwamba n'kukhomerapo matabwa. Katani anali mabulangete anga a ku Joni, amene Nangozo anawalumikiza akung'ung'udza. Ndinawakoloweka pa waya ndi timphete, chingwe chokokera n'kuchidutsitsa pa habu ya njinga yakufa. Chimene ndinkanyadira kwambiri chinali nyali ziwiri zopopa. Ndinang'amba madebe a parafini, n'kuwakwecha ndi phulusa mpaka mbee, ndipo nyali iliyonse ndinaiika m'debe lake kuti kuwala kugwere osewera okha, osati m'maso mwa oonera.

Kutatsala tsiku limodzi tinati tiyesere zonse. Masana ake kunagwa mvula yamphamvu. Chakumadzulo ndinayatsa nyali, n'kupopa, nsanja yonse ngwee! Apo ndi pamene ngumbi zinatulukira. Zinalowera m'mazenera, poti analibe magalasi, n'kuunjirira nyali zanga mpaka kuwala kunachita chizimezime. Mngelo atangotsegula pakamwa kuti alankhule ndi Mariya, anatsamwa. Abusa a ku Betelehemu anataya ndodo n'kuyamba kutolera ndiwo m'zipewa, nkhosa zawo nazonso zikuthandiza.

A Nyoni sanaseke. "Mawa kubwera midzi yonse. Ikagwanso mvula, titani?"

Ndinafika kunyumba mtima uli m'malere, sitima ya ku Joni ndikuiona m'maso. Nditamufotokozera Nangozo, anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine zinandipsetsa mtima.

"Inu abambo, mwaiwala zakwanu?" anatero. "Ngumbi ikufuna moto basi. Tipatseni ife mbali ya kuchulu."

M'mawa mwake ndinatseka mazenera onse ndi ziguduli, m'mphepete ndikukhomera timapapati ta nsungwi. Nangozo anamema amayi a m'mudzi, aliyense ndi beseni lake la madzi ndi mtolo wa udzu wouma. Mvula inagwadi ngati dzulo lake. Tinapangana kuti iwo ayambe kuyatsa miuni pafupi ndi chulu, ine ndisayatse nyali mpaka anthu atalowa ndi chitseko chitatsekedwa.

Ndinayatsa nyali, n'kukoka chingwe. Mabulangete anapatukana bwinobwino, khola la ng'ombe n'kuonekera likuwala, ngumbi ngakhale imodzi osaoneka. Anthu anangoti "Haa!" Kenako nthungululu. M'katimo munatentha ngati mu uvuni, thukuta lili kamukamu, koma palibe anatuluka, ndipo mngelo ananena mawu ake onse. Ine kuseri kwa katani ndinalira ndi chimwemwe, sindibisa.

Titatuluka tinapeza mabeseni ali tho. A Nyoni anandipatsa kiyi wa nyumba ya zipangizo akutafuna ngumbi zokazinga.

Anzanga ananyamuka Januwale, ine ndikukhoma madesiki. Masewero ndakonza ambiri pasukulupo, ndipo mpaka lero sindipachika nyali ndisanazungulire panja kukaona kumene kuli chulu.