Dzanja langa pachithunzi cha Tadala

Ndili m'kalasi, pakompyuta, ndikukonza chithunzi cha mwana wanga Tadala. Pachithunzipo ali pampando, dzanja langa lamugwira kumsana poti sanayambe kukhala yekha.

Aphunzitsi aima kumbuyo kwanga. "Amake Tadala, dzanja ilo likuipitsa chithunzi. Lifufuteni."

Ndikufufuta mosamala, chala chimodzichimodzi, monga anatiphunzitsira. Kuyang'ana patebulo, mawusi ya kompyuta ikuyenda yokha. Mkono wanga wathera m'chigongono!

M'chithunzi muja Tadala wayamba kupendekeka. Pansi pake palibenso simenti, pali timabokosi toyera ndi totuwa basi, topanda polekezera.

"Aphunzitsi, bwezani msanga! Mwana akugwa!"

"Mwasevatu kale, mayi," akutero, uku akugwedeza mutu mokhutira. "Komatu chakongola."

Ndadzidzimuka kutulo, nditamugwira Tadala mwendo mwamphamvu mpaka walira.