A Khutu ndi Fani Yobangula

Mumsewu wa magalaja uja dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale; aliyense ankangoti a Khutu. Galimoto ikamakhota pageti, iwo ankapendeketsa mutu n'kutchula matenda ake mwiniwake asanatsike n'komwe. Khutu lomwelo ndilo linaphunzitsa ana awo, n'kufoleranso nyumba ndi malata.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Makutu aja anayamba kugontha pang'onopang'ono, ndipo magalimoto nawo anayamba kupitirira geti lawo. Zinkawapweteka mumtima kwambiri, ngakhale sankanena. Akazi awo, mayi wosabisa mawu, anali atagamula kale kuti mwezi ukatha galaja itsekedwe, bambo azipuma pakhonde.

Amene ankawamvera chisoni koposa anali mkamwini wawo, woperekera buledi m'magolosale pa vani yadizilo. Fani yoziziritsa rediyeta itafa, iye anati asavutitse apongozi. Anagula ina n'kuimanga yekha kuseri kwa nyumba, mwakachetechete. Chifundo chinapha nkhwali! Vani ija inayamba kuwira ngati ketulo, makamaka akaithamangitsa pamsewu waukulu. Anasintha fyuzi, anawonjezera madzi, koma kamuvi kosonyeza kutentha kankathamangirabe pofiira. Manyazi atamuthera, analowa pageti la a Khutu m'mawa wina, nthunzi ili tolotolo paboneti.

"Bambo, vani ikutentha!" anafuula mkamwini. "Koma si fani ayi. Ndi yatsopano, ndamanga ndekha, ikuliranso bwinobwino."

"Ati chiyani?"

"Akuti fani ikulira!" anakuwa mayi aja, amene anali atangofika ndi tiyi. "Mmene amalowa tonse taimva, ikubangula ngati chigayo."

A Khutu anadikira kuti injini izizire. Anapapasa mapaipi, sankadontha. Anasuzumira mu rediyeta, munalibe dzimbiri. Kenako analiza injini n'kuisiya itenthe, mpaka fani inayamba kuzungulira. Mwachizolowezi anapendeketsa mutu, koma m'makutu munangoti zii. Manyazi anawagwira, poti mkamwini ndi mayi onse anali ataona.

Anaima kanthawi, manja ali m'chiuno. Popeza kumva kunakanika, anati mwina maso athandize.

"Mayi, tandibwerekani mpango wanuwo."

"Watsopanowu? Ndi manja agirisiwo? Inu bambo, mwadwala?"

Anadandaula choncho uku akuuvula. A Khutu anaulendewetsa kutsogolo kwa rediyeta. Fani yabwino imakoka mphepo yakunja kuti idutse mu rediyeta, ndiye nsalu imayenera kukakamira pamenepo. Koma mpango wa mayi unauluka chobwerera n'kuwaphimba a Khutu kumaso.

Kuseka kunayambira mkati mwa mpangomo. Anaseka mpaka kutsamira vani, misozi ili mbwembwembwe.

"Akamwini, fani yanuyi ndi yamphamvu ndithu, koma ikuuzira kunja m'malo mokoka! Mukathamanga, mphepo yapamsewu ikuti ilowe, iyo ikuti bwerera. Mawaya awiriwa munawasemphanitsa."

Mkamwini anangogwira pakamwa. A Khutu anathimitsa injini, n'kusinthanitsa mawaya aja. Atailizanso, fani itadzuka, mpango unathamangira wokha pa rediyeta n'kukakamira ngati mwana wowona amake. Kamuvi kaja kanatsika n'kukhazikika pakati.

"Ndiye phokoso lija linkatinamiza tonse?" anafunsa mkamwini, akuseka mwamanyazi.

"Ife a makutu abwinofe!" anatero mayi, akuwomba m'manja. "Paja amati ukaipa dziwa nyimbo."

Mkamwini ananyamuka kukapereka buledi wake, ataweramira apongozi kangapo. Mayi anatola mpango wawo, wodzaza zidindo za zala zakuda. Anauyang'ana, nawayang'ananso amuna awo, amene nkhope yawo inali ikuwala ngati masiku aja a unyamata. Sanauvalenso. Anapita kukhoma n'kuukoloweka pamsomali, pambali pa masipanala.

Kenako anayandikira bambo aja.

"Galajayi musatseke."

A Khutu anali atawerenga kale mawuwo pamilomo, ndipo mtima wawo unkavina. Koma mawu okoma chotero, ochokera kwa mayi amene sabweza chigamulo, ndani angakhutire kuwalandira kamodzi? Anapendeketsa mutu, dzanja lili kukhutu.

"Ati chiyani, mayi?"

"Ndati musatseke!" anakuwa mayi, mpaka amakanika a magalaja oyandikana nawo anamva onse.