Ba Nkole ndi Tsitsi la Tiwo

Ba Nkole anali mayi wamtali, wosakonda kuseka. Anagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri ku fakitale ina ya sopo ku Industrial Area, akutsuka mabotolo m'chipinda choyezera mankhwala. Fakitaleyo itagulitsidwa mu 1994 anachotsedwa, ndipo anayamba kukonza tsitsi pakhonde pawo ku komboni ya Chawama, moyandikana ndi kwathu. Amuna anga atamwalira ndinkakhala pamenepo masana, kumawapatsira marola opiringira tsitsi.

Zimene ankamva kwa oyeza mankhwala aja sanaziiwale. Ankati tsitsi ndi puloteni, ndipo timaulusi take n'tolumikizana ndi mfundo za salifa. M'thupi muli tinthu totchedwa maenzaimu, timene timamanga mfundo zotere puloteni ikamapindika. Mfundo ikamangika polakwika, timaimasula n'kuimanganso.

"Koma tsitsi likatuluka pamutu kulibe wolithandiza," ankatero. "Nchito yasala na ine. Mankhwala oyamba amamasula, nisuka na manzi, achiwiri amamanga. Nikachedwa kusuka, limadyeka."

Mu Okutobala 1997 mwana wanga Tiwo ankakwatiwa. Tsitsi lake anali atalisunga zaka zitatu, chimetereni pa maliro a bambo ake. Lachisanu masana Ba Nkole anabwera kwathu, anaika ndowa ziwiri za madzi kuseri kwa chitseko, n'kumupaka mankhwala oyamba aja, onunkha ngati dzira lovunda. Nthawi yotsuka itakwana anapeza ndowa zili gwa. Alamu anga, Ba Christine, anali atathira madziwo mu dramu la munkoyo, chakumwa cha paukwati. Kumpopi kunali kouma kuyambira m'mawa.

"Ba Christine, manzi yanga yali kuti?"

"Nanga alendo bazamwa tsitsi?" anayankha alamu.

Tiwo anati, "Amama, mutu ukuwotcha."

Ba Nkole sanakangane ndi munthu. Anatenga ndowa n'kulowa nyumba ndi nyumba, osaodira, kukhuthula za m'maketulo ndi m'majagi. Kwa anansi athu, Ba Musonda, anatenga ngakhale madzi amene anatenthetsera khanda. Anabwera ndi theka la ndowa. Anamutsuka Tiwo ndi kapu, pang'onopang'ono, manja ali osavala kanthu, kenako anathira mankhwala achiwiri n'kudikira, maso ali pa wotchi.

Pomasula marola, tsitsi la kumbuyo kwa khutu lamanzere linatsalira m'manja mwawo, malo aakulu ngati chikhatho cha mwana. Lina lonse linagwira. Analipesera cha kumanzere, ndipo m'tchalitchi palibe anazindikira. Pamalopo tsitsi silinamerenso bwino mpaka lero.

Ku ukwatiko Ba Nkole sanabwere. Nditapita kukawaona Lolemba, zala zawo zinali zosupuka, zokulungidwa m'nsanza.

"Nenze kufunika kunkhalira ndowa zija," anandiuza.

Anakonza tsitsi zaka zina zinayi, chifuwa chisanawagoneke. Tinawaika ku manda a Chingwere mu 2001, mvula itangoyamba.