Mama wa m'kapaketi

Sikhangezile Mpofu, amene ku Tsholotsho amangomutchula MaMpofu, sanaberekepo, komabe walera ana asanu ndi mmodzi a abale ake opita ku Joni. Anakwatiwa kamodzi, banja litatha chifukwa cha kusabereka komweko, anabwerera pamudzi pa bambo ake. Anthu amati ali ndi dzanja la ana. Kunena zoona, dzanjalo lilibe chozizwitsa: mayiyu satopa kusinja, kusefa ndi kudikira.

Mwana womaliza amene analera anali Mvelo, mwana wamkazi wa mng'ono wake Zodwa, amene anamusiyira ali ndi miyezi isanu ndi inayi. Dzuwa likakwera pang'ono, MaMpofu ankampatsa dzungu lopota ndi chiponde. Likapendeka ankampatsa chambiko chothira ufa wa malambe, kapena mbatata yophika yoduladula ngati zala. Mtedza wosasinja sankaulola kufika m'manja mwa mwana, pakuti anaonapo wa mnansi atatsamwa nawo.

Mwezi uliwonse malayitsha, dalaivala wonyamula katundu wa anthu a ku Joni, ankatula chikwama pakhomo. Pansi pa sopo ndi shuga pamakhala timapaketi tonyezimira ta zokukuta zachikasu zija zosungunuka m'kamwa. Zodwa anali atapempha pafoni kuti, "Sisi, muzimuuza kuti zachokera kwa ine, asandiiwale." MaMpofu anamvera. Akamang'amba kapaketi ankakaonetsa kwa mwana n'kunena kuti, "Ona, Mama. Nena kuti Mama."

Pofika zaka ziwiri, Mvelo anayamba kulavula dzungu, ndipo mano ake akutsogolo anada m'mbali. Kusikelo, namwino anayang'ana khadi nthawi yaitali.

"Miyezi itatu mzere wangogona ngati nsato yokhuta. Mukumudyetsa mphepo, MaMpofu?"

"Za ku Joni, anesi."

"Mphepo yomwe ndikunenayo. Zisiyeni, apo ayi mwanayu tidzamugoneka muno."

MaMpofu anatsekera timapaketi tonse m'sutikesi. Masiku atatu Mvelo analira akuitana Mama, ndipo anansi anamva chisoni, amvekere mwana wapukwa mayi ake. MaMpofu yekha ndiye ankaona kumene kachala kankaloza. Tsiku lachinayi mwana anadya dzungu. Patapita miyezi iwiri mzere wa pakhadi unayamba kukwera.

Zodwa sanauzidwe kanthu. MaMpofu ankadziwa kuti mayi akanyozeredwa mphatso yake amatenga mwana wake, ndipo ku Joni Zodwa ankachoka kusanache kukasesa m'nyumba za eni, n'kubwera dzuwa litalowa. Kumeneko Mvelo akanapoteredwa dzungu ndi yani?

Mu Disembala Zodwa anabwera kutchuthi. Mvelo anabisala kumbuyo kwa siketi ya MaMpofu, osalola ngakhale kugwidwa dzanja. Zodwa anagwada, natsegula chikwama chake, ndipo kapaketi kanachita phokoso. Mwana anatulukira akuthamanga.

"Mama!"

"Mwaona, sisi?" anatero Zodwa misozi ili m'maso, manja atatambasula. "Magazi sanama."

Mvelo anadutsa pansi pa mkono wa mayi ake, natenga kapaketi, n'kubwerera nako kwa MaMpofu kuti amung'ambire. Zodwa anaseka pang'ono, nadziloza pachifuwa.

"Mvelo, Mama ali kuti?"

Mwana anakweza kapaketi m'mwamba.

Madzulo a tsiku lomwelo Zodwa, pofuna poika zovala, anatsegula sutikesi ija, napeza zonse zimene anatumiza kuyambira Okutobala zili chitsekere. Anatulukira nazo pabwalo.

"Poyamba mwandisandutsa pepala. Kenako pepalalo mwalitsekera."

"Unandipempha wekha, mayi a Mvelo. Ndinalakwitsa kaphunzitsidwe, ndikuvomera. Koma taona khadi ili, ona pamene mzere wakwerera."

"Khadi ndaliona. Mwana wanga akundiyesa mlendo, inu mukundionetsa mizere? Ndibwerera naye ku Joni."

"Umusiye chaka chimodzi chokha, alimbe."

"Chaka chinanso ndidzapeza akutchula bulangete kuti Mama. Wobereka ndine, sisi."

MaMpofu anapinda khadi lija.

Mu Januwale, tsiku la ulendo, MaMpofu anaphika mbatata, nathira chiponde m'botolo, naika khadi la kusikelo m'kathumba ka pulasitiki. Ali pamsewu anafotokozera mng'ono wake kuti dzungu lizipotedwa likadali lotentha, chiponde sipuni imodzi, shuga ayi.

"Maungu kumeneko aliko?" anafunsa MaMpofu.

"M'sitolo ndi ambirimbiri, sisi. Nthawi yopota ndiyo kulibe."

Mvelo anakwera galimoto ya malayitsha osalira, popeza anali atapatsidwa kapaketi.

Masiku ano zithunzi zimabwera pafoni mwa apo ndi apo. Mwanayo amakhala atavala madiresi okongola, milomo atatseka. MaMpofu amakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, n'kuyang'anitsitsa masaya ndi timikono. Kawiri konse anafunsa kuti sikelo ikuti bwanji. Zodwa anayankha kuti mwana ali bwino.