Tsiku Limene a Tawakali Anatsegula Pakamwa

"...ndiye mnzako akamangidwa nsalu m'maso, maso ake ndiwe," anatero m'Chingerezi mayi amene abwana anamuitana kudzaphunzitsa masewera a mgwirizano. "Lankhulanani! Pano ndife banja!"

A Tawakali anazyolika. Zaka zisanu ndi ziwiri akhala akulongedza matailosi m'nyumba yosungiramo katundu ku Marlboro, pa chitupa cha munthu wa ku Limpopo wotchedwa Comfort. Kwawo ndi ku Ntaja. Chowasunga pa ntchito chinali kutseka pakamwa, chifukwa Chizulu chawo chinkanunkha Chimalawi. "Yebo" ndi "shapu", basi. Swala yamasana ankaswalira kuseri kwa mapaleti osanjikapo katundu, pa katoni. Anzawo ankangoti mdalayo ngwamanyazi.

Tsoka ilo, anawaphatikiza ndi Aufi, wa kwawo komweko, nayenso wa chitupa chobwereka. Ku Hillbrow ankagona chipinda chimodzi, koma pa ntchito ankapitirirana ngati sadziwana.

Aufi anamangidwa nsalu, nayamba kupapasa pakati pa mapaleti. A Tawakali ankangoloza ndi chala.

"Khuluma, baba Comfort!" anakuwa kapitawo m'Chizulu kuti alankhule, gulu lonse likufa nacho chiseko. "Chala chakocho achiona ndi mphuno?"

Aufi anaphonya njira, kulunjika kumapeto kwa khonde lopakilira malole, pamene pali phompho lotalika ngati munthu. Phazi limodzi, lachiwiri. Anthu ankasekabe.

"Aufi! Ima, iwe! Ugwa!" anafuula a Tawakali m'chilankhulo cha kwawo.

Aufi anaima, nsonga za nsapato zili m'malere. Anthu onse anatembenukira kwa a Tawakali.

Mayi uja yekha ndiye anawomba m'manja. "Mwaona mphamvu ya kulankhulana?" Anawapatsa siwiti imodziimodzi.

Kapitawo sanaseke. "Ku Limpopo mwayamba liti kulankhula chotere? Lolemba nonse awiri mubwere ku ofesi ndi zitupa zanu. Tidzayang'ane bwino zithunzi."

Mu takisi, Aufi analankhula chapansipansi, maso ali pa windo.

"Achimwene, bola mukanangondisiya ndigwe. Mwendo umapola."

"Nanga khosi?"

"Khosi lake lomweli? Latsala kale ku Marlboro."

Atatsika m'tauni, a Tawakali anaima pa benchi ya mayi wina, nagula chikwama chija cha mizeremizere chonyamulira katundu pa basi ya kumudzi. Anayesa zipi kawiri, nachipinda mpaka chinachepa ngati mpango. Anakwera nacho masitepe a ku Hillbrow chili m'khwapa.