Waya Amene Alamu Anga Anakunga Ngati Gitala

Kalata yanga yoyamba yodandaula ndinailemba m'nyengo yokumba mtedza, chaka chimene tinafolera tchalitchi chathu ndi malata, ndipo kope lake likadali m'sutikesi mwanga pamodzi ndi ena onse amene anatsatira. Ndayambira pamenepa kuti mudziwe kuti sindikupeka. Zinandichitikira ine mwini, dzuwa likuswa mtengo, ndipo chipsera chake chili pamkono wanga wamanzere kwa aliyense wofuna kudzachiona.

Ndili mnyamata ndinagwira ntchito zaka zambiri kunyanja, pa boti lalikulu la matanga lonyamula alendo. Ntchito yanga inali kusamala mawaya amene amagwira mlongoti kuti usagwe. Si ntchito ya mphamvu ayi, ndi ya kuleza mtima. Waya aliyense amakhala ndi chitsulo chopotera kumunsi kwake, ndipo umapotako pang'ono mbali ino, n'kupita mbali inayo kukapotanso chimodzimodzi, kenako n'kuima patsinde pa mlongoti n'kuyang'ana kumwamba ngati wawongoka. Tinkamangirira rula yaitali pa wayayo kuti tione mmene akutanukira tikamapota, chifukwa dzanja limanama. Waya wolekerera amagwedeza mlongoti, koma wokunga mopitirira ndiye woopsa, popeza mphepo ikabwera amakhala alibenso potanukira.

Nditasiya ntchito ndinakwatira kumapiri kuno, kumtunda kwa Malomo, n'kukhala mkamwini pamudzi pa akazi anga. Anzanga akamwini mukudziwa mmene zimakhalira, umalima, umamanga nyumba, umakumba manda, koma mawu ako amalemera ngati gaga.

Ndiye komiti ya tchalitchi inaganiza zoimika mlongoti wautali wa bulugama pabwalo, woti pamwamba pake pakhale zimkuzamawu kuti anthu a kutsidya kwa dambo azimva kuitana kwa mapemphero ndi uthenga wa maliro. Unafunika kugwidwa ndi mawaya anayi. Kodi m'mapiri onsewa analiponso wina wodziwa ntchito imeneyi kuposa ine? Ndinapita nawo ku msonkhano ndi kalata yaumboni imene mwini boti anandilembera. Sanaitsegule n'komwe. Ntchitoyo anaipereka kwa alamu anga, achimwene awo a akazi anga, amene ankaimba gitala m'kwaya, ati chifukwa iwowo zingwe amazidziwa.

Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe. Anawagulira sipanala yatsopano ndi ovolosi yabuluu, ndipo ankavala ovolosiyo ngakhale popita kumsika ku Malomo. Amayi akamadutsa ankawapatsa moni wa amisiri, ine ndili pompo. Nditayesa kuwauza kuti alamu, tiyeni tiyeze kaye, anaseka n'kundifunsa ngati ndaona nyanja paphiri pano, ndiponso anati ndikasowa chochita ndipite ndikasoke thanga ndi zitenje za mlongo wawo. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Alamuwo ankakunga waya mmodzi mpaka kumapeto asanagwire unzake, n'kumamuomba ndi sipanala, n'kumamvetsera. Ankati waya wabwino ayenera kulira bwino ngati chingwe chaching'ono cha gitala, ndipo onse anayi azigwirizana mawu. Sabata iliyonse ankawonjezerako, makamaka wa kummwera, amene ankati ndi waulesi.

Ndinalembera komiti kalata yoyamba ija, kenako yachiwiri ndi yachitatu. Pamsonkhano mlembi ankangonena kuti madala aja alembanso, nkhani n'kuthera pomwepo. Choncho Lamlungu lililonse tikatuluka m'mapemphero ndinkapita ndekha kukagwira mawayawo ndi dzanja, nthawi zina n'kuikapo khutu, n'kuima patsinde kuyang'ana kumwamba. Mlongotiwo unali utayamba kupindika ngati uta. Ndinanena poyera, osati kamodzi, kuti mwera ukadzawomba zenizeni chinthu ichi chidzagwa. Ndikanadziwa mmene mawu amenewa adzandibwererere, kodi ndikanatseka pakamwa? Sindikudziwa.

Tsikulo kunali ukwati, m'nyengo yozizira, mphepo ikuulutsa mipango kumutu. Anthu anali atadzaza pabwalo kudikira akwati kuti atuluke, amayi atakhala pamphasa chakumpoto kwa mlongoti. Ine ndinali pafupi ndi waya wa kummwera uja, ndipo ndinamva kulira kumene ndinakumvapo kamodzi kokha kunyanja, kulira kwa timawaya tating'ono tam'kati tikuduka kamodzikamodzi. Ndinakuwa kuti amayi achoke pamenepo, koma wina anayankha kuti a kunyanja ayambanso, ndipo ochepa okha ndi amene anasuntha. Ndinathamanga n'kukoka mphasa imodzi, agogo ena ali pomwepo, mpaka anagubuduka n'kuyamba kunditukwana. Ndipamene enawo anadzuka, osati chifukwa choopa mlongoti, koma kuti adzandikalipire.

Waya anaduka ndi phokoso ngati mfuti. Sindinamuone, ndinangomva mphepo pankhope, nthochi imene inali kumbuyo kwanga n'kuduka pakati ngati yatemedwa ndi chikwanje, mkono wa jekete langa n'kung'ambika, magazi n'kuyamba kutsika m'zala. Akanakwera pang'ono chabe, linali khosi. Mlongotiwo unapendekeka pang'onopang'ono, n'kugwa pamalo enieni pamene panali mphasa zija. Sipanafe munthu.

Koma anzanga, choopsa chenicheni chinabwera fumbi litatsika. Ndinatembenuka ndikuganiza kuti wina andimanga mkono, n'kupeza maso a bwalo lonse ali pa ine. Mayi wina ananena motsitsa mawu kuti anandiona ndikunong'oneza wayayo Lamlungu lapitalo. Wina anafunsa kuti munthu angadziwe bwanji kuti chinthu chigwa ngati si iye wachigwetsa. Alamu anga, ovolosi ili m'thupi, anangoti iwo sakunena kanthu, koma aliyense akudziwa amene ntchito imeneyi inkamuwawa, ndiponso kuti anthu okhalitsa kunyanja amabwerako ndi zambiri. Anyamata ena anayamba kusendera, mmodzi atatola mwala. Ndakhalapo m'boti pakati pa namondwe, koma mantha a tsiku limenelo sindinawamvepo. Amene anandipulumutsa ndi akazi anga, amene anaima patsogolo panga, n'kuvula mpango kumutu, n'kundimanga nawo mkono, n'kuuza achimwene awo kuti wofuna kugenda ayambe ndi iwo.

Kuyambira pamenepo sindiitanidwanso kukakumba manda. Ndikakhala pabenchi m'tchalitchi, malo a pambali panga amatsala. Akazi anga akafika pamjigo nkhani zimatha. Koma komiti inawapepesa alamu anga pamaso pa mpingo chifukwa cha ntchito yawo imene inawonongeka, ndipo chaka chino, poti komiti yagula mlongoti wina, awapatsanso sipanala. Ndawamva kale akuomba mawaya atsopanowo, akumvetsera.

Chimene ndikukhulupirira lero ndi ichi, palibe mfiti imene inagwira waya uja. Anaduka chifukwa anamukunga mpaka kumuthera mphamvu. Ndipo ndaona kuti pamudzi pa eni ake, mkamwini wochenjeza ngozi amasanduka mwini ngoziyo. Komabe ndichenjezanso, zindionekere zimene zindionekere. Mwera ukayamba musakhazike ana kumpoto kwa mlongoti watsopanowo, ndipo mukamva waya akulira yekha ndi mphepo, musaime kumvetsera kukoma kwake.

Tsono ndikupempha mwaulemu komiti ya tchalitchi chathu kuti iyankhe nkhaniyi polemba, kuti iyeze mawaya atsopanowa pamaso pa anthu mphepo isanafike, ndiponso kuti inene pabwalo lomwe lija, mpingo wonse ukumva, ngati ine ndili mfiti kapena ayi.