Bonongwe wa amayi wamera minga

Titasamuka ku Katete kubwera ku Kanakantapa, amayi anasiya mtondo, anasiya nkhuku, koma mbewu ya bonongwe anaimanga pamfundo ya chitenje. Sanali bonongwe wamba womera paliponseyu ayi. Anali wofiira tsinde, masamba ngati chikhatho, ndipo ukamuphika msuzi unkafiira. Mbewuyo anailandira kwa amayi awo.

Mvula ikangoyamba, amayi ankazungulira khola la ng'ombe ndi khasu, kuzula bonongwe waminga uja womera yekha pandowe asanachite maluwa. Ine ntchitoyi inkandinyansa. Khola lili uko, dimba lili kuno, wakulakwirani chiyani? Iwo ankangoti, "Ni asuweni awa. Ukawasiya pafupi azakwatirana." Ndinkaseka, kuyesa nthabwala.

Amayi atamwalira, dimba linatsala m'manja mwanga. Chaka choyamba ndinazula. Chachiwiri ndinati ndizula mawa, mawa lakelo mpaka chimanga chinacha. Ulesi basi, ndisanamizire munthu. Mbewu ndinasunga monga mwa masiku onse, kufikisa ngala zouma m'lichero ndi kupeta. Inali yakuda bii, yonyezimira, yosasiyana ndi yakale.

Chaka chachitatu ndikuthyola ndiwo, china chinandibaya chala. Kuyang'ana, tsinde ndi lofiira lomwe lija, koma patsinde pa tsamba lililonse pali minga iwiri, masamba nawo achepa. Ndinakhala pansi pamzere pomwepo. Alangizi a zaulimi atabwera pa njinga kudzaona chimanga, ndinawaonetsa. Anati mitundu iwiriyi inachokera kwa kholo limodzi kalekale, ndiye mphepo ikatenga mungu wa wina kukathira pa mnzake, mbewu imagwira n'kusakanizika. Zomwe zija amayi ankandiuza, iwo osapondako kusukulu.

Ndinatsala ndi kabotolo kamodzi ka mbewu kamene amayi anatseka okha ndi chitsononkho, nakasomeka kudenga la khitchini. Ndinazula waminga yense, m'dimba, kukhola, mpaka kuseri kwa khola la aneba, anthu n'kumati mayi uyu mutu wasokonekera. Ndinafesa kabotolo konse, kuthirira m'mawa ndi madzulo masabata atatu. Sipanamere ngakhale kamodzi. Kutentha kwa malata kunali kutaipha mbewu. Ndinaimba foni ku Katete, achibale anati anausiya kalekale ulimi wa bonongwe, masiku ano amalima ndiwo za repu.

Mvula itabweranso, wosakanizika uja anamera yekha kuchokera ku njere zogwera pansi. Ndi amene ndili naye lero. Ndimawasowa amayi, ndipo zimandiwawa kuti ana anga sadzakudziwa kukoma kuja chifukwa cha ine. Akandipeza m'dimba ndikuyamwa chala, amati, "Amai, zulani chabe, tizagula repu."

Sindizula. Ndikamuphika, msuzi umafiirabe pang'ono, ndipo za amayi ndatsala ndi zomwezo.